Dzino Labwinobwino Likayamba Kugwedera

Kwathu ku Rumphi munthu amapita kwa dokotala wa mano dzino likamusowetsa tulo. Amafika atagwira tsaya, maso ali psuu, ndipo pempho lake limakhala limodzi: “Zulani, adokotala.” Akazula ululu umatha, munthu n’kubwerera kwawo akuyamika. Dzino lobooka tonse timalidziwa, ndipo ngakhale mwana wa kupulayimale angakuuzeni kuti amalibweretsa ndi maswiti ndi shuga. Koma pali nthenda ina ya m’kamwa imene imamaliza mano a anthu akuluakulu osaboola ngakhale limodzi, ndipo kwa zaka zambiri siipweteka n’komwe. Nthendayi ndi chiseyeye. Imayambira m’nkhama, kenako n’kutsikira ku fupa limene limagwira mizu ya mano.

Chandilembetsa nkhaniyi n’chakuti chiseyeye chikakula sichitha ndi kuzula dzino, sichitha ndi makapisozi, ndiponso sichitha ndi ulendo umodzi wa kuchipatala. Ndi nthenda yokhalitsa, ya m’gulu la shuga ndi BP, yofuna tsiku lake m’kabuku ka kuchipatala. Ine ndinazidziwira zimenezi pa m’bale wanga.

Achimwene anga aakulu amalima fodya wa bale chakufupi ndi Bolero. Zaka zawo zapitirira 50, ndipo moyo wawo wonse anali asanakhalepo pampando wa dokotala wa mano. Ankanyadira nazo. Nzimbe ankasenda ndi mano, chimanga chokazinga ankakukuta osachiopa, ndipo m’kamwa mwawo monse munalibe bowo. Nthawi zina pa nzimbe imene aluma pankatsala timagazi, iwo n’kumati yawacheka. Alamu anga ndiwo anayamba kudandaula, mwaulemu wake, kuti m’kamwa mwa abambo a m’nyumba mukutuluka fungo ngakhale atsuke chotani. Patapita nthawi mano akutsogolo a m’munsi anayamba kutalikirana ndi kuoneka aataliatali. Chaka china, nyengo yosoka fodya, akudula ulusi ndi mano monga mwa chizolowezi, anamva dzino likusuntha. Kuligwira ndi chala, linkagwedera.

Pamudzi anawauza kuti ndi ukalamba. Ena anati n’zakumtundu, poti malemu bambo athu nawonso anatsikira kulichete ali ndi magweru okhaokha. M’zakumtunduzo muli choonadi pang’ono, ndipo ndizinena. Koma ukalamba pawokha suchotsa dzino m’kamwa.

Mawa m’mamawa musanatsuke, palani dzino ndi chikhadabo pafupi ndi nkhama. Pachikhadabopo patsala zoyera zonanda. Ambiri timayesa ndi nsima ya dzulo, koma mbali yaikulu ndi mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamatirira pa dzino n’kumaswana. Mukatsuka bwino timachoka, koma pakangopita maola ochepa timayambanso kuunjikana. Litsiro lofewali likakhala masiku angapo osachotsedwa, michere ya m’malovu imaliumitsa n’kukhala gwa, lachikasu kapena lakuda. Madokotala amalitcha tartar. Likafika pamenepo mswachi sulithanso, kaya mukhule ndi makala, kaya ndi phulusa, kaya ndi mchenga. Limakonda kwambiri kuseri kwa mano akutsogolo a m’munsi, chifukwa malovu a pansi pa lilime amatulukira pompo. Mukadziyang’ana pagalasi mutayasamula, mwina mudzaliona.

Thupi nalo silikhala chete. Limatumiza asilikali ake ku nkhama kuti akalimbane ndi tizilomboto, ndipo n’chifukwa chake nkhama zimatupa, zimafiira, zikangokhudzidwa n’kutuluka magazi. Mu 1965 dokotala wina wa ku Norway, Harald Löe, amene ankagwira ntchito ku Aarhus m’dziko la Denmark, anafalitsa zimene anapeza atapempha anthu 12 a nkhama zabwinobwino kuti asiye kutsuka mano. Pakati pa masiku 10 ndi 21 onse nkhama zawo zinadwala. Atayambiranso kutsuka, zinachira pafupifupi m’sabata imodzi. Apa pali uthenga wabwino umene ambiri sitiudziwa: chiseyeye chikadali m’nkhama mokha chimachira n’kutheratu. Ndipo magazi pa mswachi si chifukwa chosiyira kutsuka malowo. Anthu ambiri akaona magazi amalambalala pamenepo poopa kudzivulaza, pomwe ndi pamene pakufunika kutsukidwa kwambiri.

Zikalekereredwa, mwa anthu ena nkhondo ija imatsikira pansi. Nkhama imalekana ndi dzino n’kupanga kathumba, ndipo m’kathumbamo mswachi sufikamo. Tizilombo timaswana mosatekeseka, litsiro lolimba limamera pa muzu weniweniwo, ndipo thupi polimbana nato limayamba kusungunula fupa lake lomwe. Aliyense amene anamangapo chigafa amadziwa kuti mzati ukhoza kukhala wa mtengo wolimba, wosagwidwa ndi chiswe, koma madzi akakokolola dothi la patsinde pake umayamba kupendama. Dzino la achimwene linali lotero: lolimba, loyera, koma losowa pogwira. Fupa lotayika mwanjira imeneyi kawirikawiri silimeranso. Ntchito ya dokotala ndi kuimitsa nthendayo pamene yafikapo kuti fupa lotsalalo lisapite.

Si nthenda ya anthu ochepa. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linati chiseyeye chachikulu chilipo mwa anthu akuluakulu pafupifupi 19 pa 100 alionse, kutanthauza anthu oposa 1 biliyoni. Kuno kwathu, kafukufuku wa dziko lonse amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, atayeza anthu 5,400, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse nkhama zake zimatuluka magazi.

Nanga bwanji pamudzi pomwepo, anthu odya zofanana ndi otsuka mofanana, wina amakalamba ndi mano onse pomwe mnzake amakhala ndi magweru asanakwanitse zaka 45? Löe yemwe uja ndi anzake anatsatira amuna 480 othyola tiyi m’minda ya ku Sri Lanka kwa zaka 15 kuyambira mu 1970. Anali anthu osaonapo dokotala wa mano, ndipo pafupifupi onse anali ndi litsiro lolimba ndi nkhama zotupa. Koma 8 okha pa 100 alionse ndiwo nthendayo inawathamangira, moti pofika zaka za m’ma 40 mano anali atatha. Ambiri, 81 pa 100, fupa linkapita pang’onopang’ono, ndipo 11 pa 100 nthendayo inangokhala m’nkhama osatsikira pansi. Matupi athu amalimbana ndi tizilomboti mosiyana, ndipo zina mwa zimenezi timabadwa nazo. Choncho ngati makolo anu anatha mano msanga, musadikire ululu. Kayezetseni.

Achimwene ananyamuka ndi cholinga chozulitsa dzino logwederalo basi, ine n’kuwaperekeza. Kuchipatala tinapeza mnyamata mmodzi wa aja amaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene pantchito amatchedwa dental therapist koma ife timangoti adokotala a mano. M’maboma ambiri a dziko lino ndi anthu amenewa amene asenza ntchito ya m’kamwa. Sanathamangire chozulira. Anatenga kachitsulo kowonda, kosathwa kunsonga, kokhala ndi timizere ta mamilimita, n’kumakalowetsa pang’onopang’ono pakati pa dzino ndi nkhama, dzino ndi dzino, kutsogolo ndi kuseri. Ankatchula manambala, mnzake n’kumalemba. Pa nkhama yabwino kachitsuloko kamalowa mamilimita 1 mpaka 3, magazi osatuluka. Kakalowa 4 kapena 5 ndiye kuti kathumba kayamba. Kuyambira 6 kupita m’tsogolo, nthendayo yazika mizu. Pa mano a m’chibwano a achimwene ndinamva 6 ndi 7 mobwerezabwereza, ndipo pena pankatuluka mafinya.

Anawalankhula m’Chitumbuka, modekha. “Adada, ili lokha ndilo lafika poti sitingalipulumutse. Koma ndikangolizula n’kukusiyani, chaka chamawa mubweranso ndi lina, chaka chinacho linanso. Enawa tikhoza kuwasunga, koma ntchito yake ndi ya tonse awiri.”

Chithandizo chenicheni cha chiseyeye ndi kupala. Dokotala amachotsa litsiro lolimba lonse, loonekera pamwamba ndi lobisala m’tithumba, mpaka muzu utayera. Pali makina ena amene kansonga kake kamanjenjemera mwaliwiro kwinaku kakupopera madzi, ndipo pali tizitsulo topindika topalira ndi manja. Zonse ziwiri zimagwira ntchito ngati wozigwirayo ali ndi luso ndi nthawi. Pa tithumba takuya amabaya jakisoni wa dzanzi, ndipo nthawi zambiri samaliza m’kamwa monse tsiku limodzi. Amagawa, lero mbali iyi, ulendo wina mbali inayo.

Ndinaima pambali n’kumaonerera. Atafika kuseri kwa mano akutsogolo, panatuluka chibenthu chakuda chachikulu ndithu, dokotala n’kuchiika pa thonje. Achimwene atachiona anadzuka pampando. “Mwandibenthulira dzino!” Mnyamatayo sanakwiye. Anawapatsa galasi kuti awerenge mano awo, kenako anakanikiza chibenthucho ndi chitsulo n’kufumbutuka. Anawanunkhitsa thonje lija. Achimwene anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Ndiye fungo limene mayi a kunyumba amanena lija.” Anagonanso pampando okha.

Pamenepa ndiime pang’ono, chifukwa pali mphekesera imene ikuwononga mano a anthu ambiri. Amati kutsukitsa mano kuchipatala kumagwedeza mano, kumawapepetsa, kumasiya mipata. Onena zimenezi sakunama pa zimene anaona, koma akulakwitsa chifukwa chake. Litsiro lolimba likachuluka limamata mano pamodzi, moti ngakhale fupa latha, manowo amaoneka ngati ali nji. Likachotsedwa, kugwedera kumene kunabisika kumaonekera. Nkhama nazo zinali zotupa, ndipo kutupako kukaphwa zimabwerera pamene fupa lalekezera, mipata ya pakati pa mano n’kuonekera, mano n’kuoneka aatali. Muzu umene unali wophimbika umayamba kumva madzi ozizira, mano n’kumayayamira kwa masabata angapo. Zonsezi achimwene anakumana nazo, ndipo m’mwezi wa June, kuzizira kwa kumunsi kwa Nyika kuja, ankamwa madzi ofunditsa. Dokotala anali atawachenjezeratu. Akanapanda kutero, ndikukhulupirira kuti sakanabwereranso. Kuyayamirako kunachepa, ndipo mano ena amene ankagwedera pang’ono analimbako kutupa kutatha. Mipata yokha ndiyo inatsala. Inabwera ndi nthenda, dokotala anangoivundukula.

Pa masiku otsatira anawauza kumwa panado ululu ukavuta ndi kuchukucha m’kamwa ndi madzi ofunda a mchere. Pali mankhwala ochukuchira otchedwa chlorhexidine amene amathandiza pa masiku amene mswachi ukuvuta kugwiritsa ntchito, koma ndi a kanthawi kochepa chabe, chifukwa akakhalitsa amadetsa mano ndi lilime. Nanga makapisozi? Ambiri nkhama zikatupa amathamangira kugula Amoxil kapena Flagyl, n’kumwa masiku awiri, kutupa kukaphwa n’kusiya. Mankhwala amenewa sangasungunule litsiro limene lakakamira pa muzu. Amangotontholetsa nthendayo kwa masabata ochepa, fupa likupitabe, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo moti tsiku limene mudzawafune pa chibayo akhoza osagwira ntchito. Dokotala amawapereka pa zifukwa zapadera, ndipo amawapereka pamodzi ndi kupala, osati m’malo mwake. Kuika aspirin pa nkhama nakonso n’kudziwotcha chabe.

Chimene chinatidabwitsa n’chakuti mnyamata uja anatitumiza kukayezetsa shuga. Achimwene anafunsa kuti shuga akukhudzana bwanji ndi mano. Amakhudzana kwambiri, ndipo mbali zonse ziwiri. Munthu amene shuga wake ndi wokwera, chiseyeye chimamugwira msanga ndipo chimavuta kuchira. Chiseyeye nacho, poti ndi chilonda chosapola chimene chili m’thupi usana ndi usiku, chimavutitsa kutsitsa shuga, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti kuchichiza kumathandizako kumutsitsa. Alipo anthu amene anadziwira pampando wa dokotala wa mano kuti ali ndi shuga. Wa achimwene anapezeka ali bwino.

Vuto lawo linali chingambwe. Sindikunyoza fodya. Ndi fodya wa achimwene yemweyo amene anandilipirira sukulu, ndipo m’chigwa cha Henga ndi ku Bolero nyumba zambiri za malata zinachokera ku okushoni. Koma kulima ndi kusuta n’zosiyana. Wosuta chiseyeye chachikulu chimamugwira kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi wosasuta, ndipo akapalidwa nkhama zake sizichira bwino. Choopsa china n’chakuti fodya amachepetsa kutuluka kwa magazi m’nkhama, choncho chizindikiro chija chimene chikanamuchenjeza munthu chimabisika. N’chifukwa chake achimwene ankangoona timagazi ta apo ndi apo pomwe pansi zinthu zinali zitaipa. Agogo aakazi amene amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo nawonso nkhama ya pamalopo imawonongeka.

Pali enanso ofunika kusamala. Amayi oyembekezera nkhama zawo zimatupa ndi kutuluka magazi mosavuta chifukwa cha kusintha kwa m’thupi, ndipo ambiri amaopa kupita kwa dokotala wa mano mpaka atachira. Kutsukitsa mano uli ndi pakati sikuvulaza mwana. Chofunika ndi kumuuza dokotala kuti ndinu woyembekezera. Mankhwala ena a BP monga nifedipine ndi amlodipine, komanso phenytoin wa khunyu, amatha kukulitsa nkhama mpaka kuphimba mano. Musawasiye nokha. Kauzeni amene anakulemberani, ndipo nthawi zambiri pamakhala ena osinthira.

Pali mtundu wina wa chiseyeye umene sudikira. Nkhama zimawola n’kuoneka zotuwa, zimapweteka koopsa, fungo limakhala loipa kwambiri, thupi n’kutentha. Umakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sanayambe kumwa ma ARV, ndi ana operewera zakudya m’thupi. Mwa ana otere ukhoza kusanduka noma, nthenda yodya tsaya ndi milomo m’masiku ochepa, imene WHO inaiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo. N’chimodzimodzi ngati kutupa kwatsikira kukhosi kapena munthu akuvutika kumeza.

Tsopano tifike pamene ambiri amagwera. Kupala kukatha, fungo limachoka, magazi amasiya, munthu amadzimva kuti wachira. Dokotala amati mubwerenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, koma munthu amaona kuti palibe chopitira. Ulendo umenewu ndi umene umauza dokotala ngati chithandizo chagwira. Amayezanso ndi kachitsulo kaja n’kufananiza manambala atsopano ndi akale. Pamene panali 6 pakapezeka 4 wosatuluka magazi, zayenda. Pamene pakadali pakuya amapalanso, ndipo pakakanika ndi pamene amatumiza munthu kuchipatala chachikulu, monga Mzuzu Central, kuti akaonedwe ndi akuluakulu pantchitoyi. Nthawi zina pamafunika opaleshoni yaing’ono yotsegula nkhama kuti muzu uoneke bwino ndi kuyeretsedwa. Kuchokera apo munthu amapatsidwa masiku obwerera, kawirikawiri pakatha miyezi itatu iliyonse poyamba, ndipo zinthu zikakhazikika amatalikitsa mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Palibe tsiku limene amati mwamaliza. Tizilombo tija timabwerera m’tithumba pakapita miyezi yochepa, ndipo thupi limene linalola nthendayi kamodzi lidzailolanso.

Kodi kuvutika konseku kuli ndi phindu? Mu 1978 madokotala awiri a ku New York, Hirschfeld ndi Wasserman, anafalitsa zimene anaona pa odwala chiseyeye 600 amene anapalidwa ndipo ankabwerera kudzaonedwa pafupipafupi kwa zaka pafupifupi 22. Theka la iwo, anthu 300, sanataye dzino ngakhale limodzi chifukwa cha nthendayi, ndipo ambiri mwa otsalawo anataya osapitirira atatu. Ambiri a iwo anali atabwera nthendayo itakula kale. Ndikawerenga zimenezi ndimaganiza za malemu bambo athu, amene zaka zawo zomaliza ankangodya phala ndi nsima yofewa, nyama osaithanso, ngakhale pa chisangalalo.

Ntchito yaikulu, komabe, imachitikira kunyumba, ndipo dokotala sangakugwirireni. Kutsuka kawiri pa tsiku, makamaka usiku pokagona, kwa mphindi ziwiri, ndi mswachi wofewa. Ambiri timakhula pakati pa dzino mwamphamvu, uku ndi uku, pomwe nthenda ili m’mphepete mmene dzino likumana ndi nkhama. Mswachi upendekere chakunkhamako, muziuyendetsa pang’onopang’ono, mano awiri kapena atatu nthawi imodzi, osaiwala kuseri. Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride amateteza ku kubooka, ndipo mizu imene yavundukuka imabooka msanga, choncho ndi ofunika. Mukatsuka ingolavulani, musachukuche ndi madzi. Koma chochotsa litsiro ndi mswachi ndi dzanja lanu, osati thovu. Colgate akatha musasiye kutsuka. Mswachi wa mtengo umene makolo ankatafuna kunsonga nawo umagwira ntchito ngati nsongayo ili yofewa ndipo mwaufikitsa paliponse. Makala ndi mchenga zimapala dzino lenilenilo ndi kuvulaza nkhama.

Pakati pa mano ndi pamene pamavuta. Munthu wa mipata ngati achimwene amafunika timiswachi ting’onoting’ono tolowa pakati pa dzino ndi dzino, ndipo wa mano othithikana amafunika ulusi wake wotsukira. M’magolosale a kumudzi simungazipeze zimenezi, ndipo achimwene ndimawagulira ndikapita kutauni. Zikasowa, kamtengo kotokosera kofewa kamathandizako ngati mukukayendetsa mofatsa m’mbali mwa dzino. Singano ndi pini ayi. Alamu ndiwo anakhala kapitawo wa ntchitoyi: madzulo akaika madzi osamba amaikanso kapu ndi mswachi. Fodya achimwene anachepetsa, kenako anasiya, ngakhale kuti sizinali zophweka kwa munthu wokhala m’chigafa tsiku lonse. Anataya mano awiri. Otsalawo alipo, ndipo nzimbe amadya yoduladula ndi mpeni.

Iwo zinawathekera chifukwa kwawo si kutali kwambiri ndi msewu, ndiponso anali ndi wowakumbutsa. Boma la Rumphi, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu pafupifupi 229,000, ndi la mapiri ndi zigwa. Wa ku Hewe, kumalire ndi Zambia, kufika pa Boma ndi ulendo wa ndalama. Wa ku mapiri a Phoka, kwa alimi a khofi, nyengo ya mvula amayamba waganiza kawiri. Wa kunyanja amene akufuna kukwera ku David Gordon Memorial Hospital ku Livingstonia amayang’anizana ndi makhotolo a Gorodi, ndipo wa ku Tcharo amadalira boti kapena miyendo yake. Kumuuza munthu wotere kuti azibwera miyezi itatu iliyonse chifukwa cha mano amene sakupweteka, nthawi imene ndalama ya feteleza ikusowa, n’kumupempha chinthu chachikulu. Dokotala naye akakhala yekha, panja pali mzere wa anthu ogwira matsaya, n’zosadabwitsa kuti chozulira chimapambana. Kuzula ndi mphindi zochepa, kupala bwino m’kamwa monse ndi maola.

Anthu ogwira ntchitoyi akhala ochepa kuyambira kale. Mpaka mu 2019 Mmalawi wofuna kukhala dokotala wa mano wa digiri ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo m’dziko lonse, la anthu oposa 17 miliyoni pa kalembera yemwe uja, madokotala otere sankakwana 50, ambiri ali m’mizinda. Mu 2019 College of Medicine ku Blantyre, imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mogwirizana ndi University of Glasgow pa ntchito yotchedwa MalDent, ndi thandizo la boma la Scotland. Gulu loyamba linamaliza maphunziro mu 2025. Mu April 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino yokhudza umoyo wa m’kamwa, imene ikutsindika kupewa. Kumpoto kuno bungwe la ku Scotland la Smileawi lakhala likubweretsa madokotala odzipereka ndi kuthandiza ma dental therapist. Zonsezi ndi zoyamikika. Koma chiseyeye sichichizika ndi alendo obwera kamodzi pa chaka, ngakhale atakhala a mtima wabwino chotani. Chimafuna munthu amene adzakhalepo pakatha miyezi itatu, ali ndi manambala a ulendo wapita m’manja.

Chimene chimandilimbitsa mtima n’chakuti kusunga masiku a kuchipatala si chinthu chachilendo kwa ife. Amayi a ku Mhuju ndi ku Katowo saphonya sikelo. Anthu zikwizikwi m’boma lino amakatenga ma ARV pa tsiku lawo chaka ndi chaka, mvula kaya dzuwa, ndipo odwala shuga ndi BP ali ndi masiku awo. Anthu amenewa ndi omwenso chiseyeye chimawakonda. Namwino wa kusikelo, kapena amene akupereka mankhwala a shuga, atamafunsa funso limodzi lokha, “Kodi nkhama zimatuluka magazi mukamatsuka?”, ambiri angapezeke fupa lisanapite. Tsiku la mano litamalembedwa m’kabuku komweko, n’kugwera tsiku lomwe munthu akubwera kale kudzatenga mankhwala ena, ndalama ya ulendo ingakhale imodzi. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m’midzi angathe kuonetsa kagwiridwe ka mswachi pamene akuyeza ana.

Ndipo kumene wodwala sangathe kufika, dokotala apite. Galimoto imene imanyamula katemera kupita ku zipatala zing’onozing’ono ili ndi malo a munthu mmodzi wina, ndipo boti lopita ku Tcharo nalonso. Tizitsulo topalira ndi manja, pamodzi ndi kachitsulo koyezera kaja, timakwana m’kachikwama ndipo sitilira magetsi. Timangofunika kuphikidwa bwino tisanalowe m’kamwa mwa munthu wina, ndi dokotala wopatsidwa tsiku lokhazikika lobwerera kumalo omwewo.